Udzu, ndowe ndi mikango: zolemba za ulendo wa ku Serengeti

Lolemba, ku Tarangire

Tinanyamuka mumzinda wa Arusha, m'dziko la Tanzania, m'mamawa ndipo tinalowa m'nkhalango yotetezedwa ya Tarangire dzuwa lisanafike paliwombo. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1970, ndipo imatchedwa ndi dzina la mtsinje umene nyama za dera lino zimadalira m'chilimwe, madzi akauma kwina konse. Popeza uno ndi mwezi wa February ndipo msipu uli paliponse, nyumbu ndi mbidzi zambiri zatuluka kukadya kunja kwa malire a nkhalango, koma njovu zatsala zochuluka, ndipo milambe ikuluikulu yaima ndi masamba ake onse.

Mlambe wina umene tinaima pafupi nawo unali ndi chilonda chachikulu pathunthu, kuyambira pansi mpaka pamene njovu yamphongo ingafike ndi minyanga yake, ndipo luzi la mkati linali litathothoka n'kumalendewera. Njovu zimasenda khungwa la mlambe n'kutafuna mnofu wa thunthu chifukwa ndi wofewa ndiponso umasunga madzi ambiri, ndipo zimachita zimenezi makamaka m'miyezi ya ludzu. Mitengo yambiri imauma ikasendedwa kuzungulira thunthu lonse, koma mlambe umameretsa khungwa latsopano pamalo osendedwawo, n'chifukwa chake ina mwa imene taona lero ili ndi zipsera zakale zimene zinapola bwinobwino. Komabe njovu zikachuluka pamalo amodzi n'kumabwerera kumtengo womwewo chaka ndi chaka, thunthu limafooka mpaka mtengo wa zaka mazanamazana umagwa.

Njovu yomweyo imadyanso zipatso za mtengowu, ndipo njere zake zolimba zimadutsa m'mimba osaphwanyika n'kukagwa patali zitakutidwa kale ndi manyowa. Zipatsozo nazonso zimafuna thandizo la mileme, chifukwa maluwa a mlambe, omwe ndi oyera ndipo amalendewera chozondoka, amatseguka madzulo, amatulutsa fungo losakomera munthu koma lokopa mileme, ndipo amafota tsiku lotsatira. Mleme ukamamwa timadzi ta m'duwa, mungu umamatirira paubweya wake ndipo umakausiya pamtengo wina. Kunena kuti njovu ndi mdani wa mlambe kapena bwenzi lake n'kovuta, pakuti yankho limadalira kuchuluka kwa njovu, kutalika kwa chilimwe, ndiponso ngati nyamazo zili ndi njira yopitira kwina, zomwe masiku ano zikuvuta chifukwa minda ndi midzi zikutseka njira zimene zinkadutsamo kale.

Lachiwiri, ku Tarangire komweko

Lero sitinayende mtunda wautali, chifukwa otiperekeza, bambo wachikulire wodziwa tchire lino, anaimitsa galimoto pafupi ndi ndowe za njovu zimene zinali zikutulukabe nthunzi n'kutipempha kuti tingoyang'ana. Posakhalitsa zikumbu zinayamba kutera kuchokera kumene mphepo inkapita. Zina zinalowa m'kati mwa ndowemo osaonekanso, zina zinayamba kukumba pansi pake, ndipo china chachikulu chakuda chinaumba mpira woposa msinkhu wake, chinaimirira ndi miyendo yakutsogolo mutu uli pansi, n'kuyamba kukankha mpirawo chambuyo ndi miyendo yakumbuyo. Chitakumana ndi tsinde la udzu chinakwera pamwamba pa mpira, chinazungulira pamenepo, kenako chinatsika n'kupitiriza njira yomwe ija mosakhota. Chimafulumira chonchi chifukwa pa mulu wa ndowe pamakhala zinzake zofuna kulanda mpira woumbaumba, ndipo njira yowongoka ndiyo imachichotsa msanga pakati pa akubawo. Ofufuza anasonyeza mu 2013 kuti zikumbu zina zoyenda usiku zimawongola njira yawo poyang'ana kuwala kwa mlalang'amba.

Njovu imadya makilogalamu 100 kapena kuposerapo patsiku, koma mimba yake imagaya zosafika theka, choncho ndowe zake ndi chakudya chambiri chimene chatsala. Ku Tsavo, m'dziko la Kenya, ofufuza anawerengapo zikumbu pafupifupi 16,000 pa mulu wolemera kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo muluwo unatha m'maola awiri. Zikumbuzi zikakwirira ndowe kuti mphutsi zawo zidzadye, zimalowetsa chonde m'nthaka, zimabzala njere zimene zinali m'ndowemo, ndipo zimachepetsa ntchentche ndi njoka zam'mimba zimene zikanaswana m'menemo n'kubwerera ku nyama.

Madzulo tinayang'ana zulu, zomwe kuno ndi zazitali ndiponso zofiira. Chiswe cha mtundu wa Macrotermes sichitha kugaya chokha udzu ndi nkhuni zimene chimatuta, motero chimalima bowa m'zipinda za pansi pa chulu. Chimaunjika zomera zotafunidwa, bowa wa mtundu wa Termitomyces amamera pamenepo n'kuziwoletsa, kenako chiswe chimadya zowolazo pamodzi ndi bowayo. Chulu chimasunga chinyezi ndi kutentha kumene bowayo amafuna, ndipo ubalewu wakhalapo kwa zaka pafupifupi 30 miliyoni, moti mbali iliyonse singathenso kukhala payokha. Pa chulu china chimene chiswe chinachisiya tinaona tinyama tofanana ndi likongwe, totchedwa dwarf mongoose, tikusuzumira m'mabowo, pamene mbalame za milomo ikuluikulu yokhota zinali zitatera panthambi yapafupi. Mbalamezi zimatsatira tinyamati kuti zizitola ziwala zimene timavumbulutsa, ndipo zimalira zikaona kabawi kapena chiwombankhanga.

Lachitatu, ku Ngorongoro

Chigwa cha Ngorongoro chinapangika pamene phiri lalikulu lophulika linagumukira mkati zaka zoposa 2 miliyoni zapitazo. Ndi chakuya pafupifupi mamita 600, pansi pake ndi potambalala masikweya kilomita pafupifupi 260, ndipo mumakhala nyama zikuluzikulu pafupifupi 25,000. Tisanatsike tinadutsa pa chipilala cha pamanda a Michael Grzimek, mnyamata wa ku Germany amene ankawerenga nyama za ku Serengeti ali m'ndege pamodzi ndi bambo ake, Bernhard Grzimek, ndipo anamwalira mu January 1959 ndege yake itawombana ndi muimba.

Pansi pa chigwa, dzuwa litangotuluka, tinapeza mikango iwiri yamphongo ikudya nyumbu, afisi ambiri atazungulira chapatali pang'ono. Aliyense m'galimoto anaganiza kuti afisiwo akudikira zotsala, koma otiperekeza anatiuza kuti tiyang'ane nkhope zawo. Ambiri anali ndi magazi kukamwa ndi m'khosi, ena mimba zili tang'atang'a, pamene mikangoyo inali itangoyamba kumene kudya. Nyumbuyo anaipha ndi afisi usiku, ndipo mikango inangobwera kudzalanda. Katswiri wa ku Netherlands, Hans Kruuk, amene ankatsatira afisi usiku m'chigwa chino m'zaka za m'ma 1960, anapeza kuti afisi a kuno amapha okha nyama zambiri zimene amadya, ndipo kawirikawiri mikango ndiyo imadya thukuta lawo. Afisi amalandanso akachuluka ndipo akapeza mikango yaikazi yokha, koma mkango wamphongo ukakhalapo amabwerera, chifukwa umapha fisi ngakhale kuti sumudya. Mbiri yoipa ya fisi inayamba chifukwa chakuti anthu amafika m'mawa, ntchito itatha kale.

Mikango ya m'chigwa chino inatsala pang'ono kutha chifukwa cha ntchentche. Kutagwa mvula yambiri modabwitsa m'zaka za 1961 ndi 1962, ntchentche zoluma za mtundu wa Stomoxys zinaswana kwambiri, zinayamwa mikango magazi ndi kuisiya ndi zilonda, moti ina inkakwera m'mitengo ndipo ina inkalowa m'mauna a afisi pothawa. Mwa mikango yoposa 70 inatsala pafupifupi 12 yokha. Inachulukananso mpaka kupitirira 100, koma popeza mikango ya kunja siilowa kawirikawiri m'chigwachi ndipo yamphongo ya m'kati imathamangitsa yobwera, yambiri inabadwa pachibale, ndipo gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Craig Packer linapeza kuti umuna wa mikango imeneyi uli ndi zolakwika zambiri kuposa wa inzake ya ku Serengeti.

Masana tinaona chipembere chimodzi patali, mbalame zodya nkhupakupa zitatera pamsana pake. Kale anthu ankaphunzitsidwa kuti mbalamezi zimangothandiza nyama, koma lero pamsana pa njati ina ndinaona ndi maso anga mbalame ikujompha chilonda chofiira, osati nkhupakupa, ndipo njatiyo inkagwedeza khungu kuti iichotse. Mbalamezi zimamwa magazi ndipo zimachedwetsa zilonda kupola. Komanso kafukufuku wa mu 2020 ku Hluhluwe-iMfolozi, m'dziko la South Africa, anasonyeza kuti zipembere zopanda mbalamezi zinkazindikira munthu woyandikira maulendo 23 okha mwa 100 alionse, pamene zokhala ndi mbalame zinkamuzindikira nthawi zonse, ndiponso akadali patali. Chipembere sichiona bwino, choncho dontho la magazi limene chimataya mwina ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi chenjezo limene chimalandira.

Lachinayi, ku Ndutu

Titatsika mapiri kulowera kumadzulo mitengo inatha, ndipo patsogolo panali chidikha cha udzu waufupi chodzaza ndi nyumbu mpaka pamene maso amalekezera. Kusowa kwa mitengo kuno kunayamba ndi mapiri ophulika a kum'mawa, kuphatikizapo Ol Doinyo Lengai lomwe limaphulikabe, amene phulusa lake linagwa pachidikhachi n'kupanga thanthwe lolimba pansi pa nthaka yosaya. Mizu ya mitengo imalephera kuboola thanthwelo, koma udzu umamera bwino ndipo uli ndi kashiamu ndi fosifolasi wambiri, zomwe nyumbu yoyamwitsa imafuna. N'chifukwa chake nyumbu zimayenda ulendo wonse kuchokera kumpoto kuti zidzaswere pano, ndipo zimachoka madzi akangouma.

Nyumbu ina yaikazi imene tinaiyang'anira inali ndi ziboda ziwiri zitatulukira kumbuyo, ndipo inkagona ndi kudzuka mosakhazikika pakati pa zinzake. Mwana atagwa pansi anali wonyowa, wa mtundu wa udzu wouma, wosiyana ndi mayi wake wakuda. Anayesa kuimirira n'kugwa chamutu, anayesanso miyendo ili tang'atang'a, ndipo mphindi khumi zisanakwane anali akuyenda pambali pa mayi wake. Chapatali pang'ono fisi anathamangitsa mwana wina wobadwa kumene n'kumugwira, ndipo nyumbu zina zinangopatuka pang'ono n'kupitiriza kudya. Ana pafupifupi 500,000 amabadwa m'nyengo ino, ambiri mwa iwo m'milungu iwiri kapena itatu yokha, ndipo pamasiku ena amabadwa pafupifupi 8,000. Afisi ndi mikango imakhuta msanga n'kulephera kudya enanso, choncho mwana wobadwa pakati pa chikhamu ali ndi mwayi waukulu kuposa wobadwa mwezi usanafike kapena utapita, amene amakhala yekha pamaso pa zilombo zanjala.

Nyama zodya udzu pano sizidya mofanana. Mbidzi ili ndi mano akutsogolo m'mwamba ndi m'munsi momwe, ndipo mimba yake imadutsitsa chakudya mofulumira, motero imatha kukhala ndi moyo pa mapesi aatali olimba. Nyumbu ili ndi kukamwa kotambalala koyenera kumweta masamba afupiafupi ofewa amene amaonekera mbidzi zikadutsa, ndipo pambuyo pake pamabwera mbawala zing'onozing'ono zotchedwa Thomson's gazelle, zimene zimasankha mphukira ndi timasamba ta zitsamba. Samuel McNaughton, amene anatchinga mipanda pamalo ena a chidikhachi m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti udzu wodyedwa ndi nyumbu unkaphukanso mwamphamvu, pamene wa m'mipanda unkangokalamba. Kwa zaka zambiri chiwerengero cha nyumbu chakhala chikuikidwa pa 1.3 miliyoni potengera zithunzi zojambulidwa pandege, ngakhale kuti kafukufuku wa mu 2025 wogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti anapeza zosafika 600,000, ndipo akatswiri akukambiranabe za kusiyanaku.

Lachisanu, pa msewu wa ku Seronera

Tinalowa m'nkhalango ya Serengeti, yomwe inakhazikitsidwa mu 1951, kudzera pachipata cha Naabi Hill, ndipo pamene tinkayandikira Seronera udzu unatalika, kenako mitengo ya mthethe inayamba kuoneka m'magulumagulu. Mitengo yambiri imene ili kuno lero ilipo chifukwa cha katemera wa ng'ombe, ndipo pa nkhani zonse za ulendo uno iyi ndiyo yandigwira mtima kwambiri.

Mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest unalowa mu Africa mu 1887 kudzera ku Eritrea, pamodzi ndi ng'ombe zimene asilikali a ku Italy anabweretsa, ndipo pofika cha m'ma 1890 unali utafika kuno. Unapha ng'ombe, njati ndi nyumbu pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse, ndipo abusa a Chimasai ambiri anafa ndi njala. Pambuyo pake matendawa ankabwerera chaka ndi chaka n'kumapha ana a nyumbu, ndipo anthu ankakhulupirira kuti nyama zakutchire ndizo zimasunga kachilomboko n'kumapatsira ziweto. Walter Plowright, dokotala wa ziweto wa ku Britain amene ankagwira ntchito ku Muguga m'dziko la Kenya, anapanga katemera wodalirika, ndipo ng'ombe za m'midzi yozungulira nkhalango zitabayidwa, matendawa anazimiririka mwa nyumbu cha m'ma 1963 popanda kubaya nyumbu ngakhale imodzi. Zinaonekeratu kuti nkhokwe ya matendawa inali ng'ombe.

Nyumbu zinali pafupifupi 260,000 mu 1961, ndipo pofika mu 1977 zinali pafupifupi 1.4 miliyoni. Akuluakulu ena oyang'anira nyama anachita mantha n'kunena kuti zina ziphedwe zisanawononge msipu, koma wofufuza za nyama Tony Sinclair ndi anzake anapempha kuti zisiyidwe, ndipo zotsatira zake sanaziyembekezere ndi ambiri. Nyumbu zochuluka zinadya udzu umene kale unkauma n'kukhala nkhuni za moto, choncho moto wolusa unachepa. Moto utachepa, timitengo timene tinkapsa chaka chilichonse tisanakule tinayamba kupulumuka, ndipo m'zaka za m'ma 1980 nkhalango imene inali ikutha inayamba kubwerera, pamodzi ndi mbalame ndi tizilombo tokhala m'mitengo. Matenda a rinderpest analengezedwa kuti atheratu padziko lonse mu 2011, ndipo anakhala matenda achiwiri kuthetsedwa pambuyo pa nthomba.

Chimene chinaletsa nyumbu kuchulukirachulukira si mikango. Simon Mduma, katswiri wa ku Tanzania, ndi anzake anafufuza mafuta a m'mafupa a nyumbu zakufa ndipo anapeza kuti zitatu mwa zinayi zilizonse zimafa chifukwa cha kuperewera kwa chakudya, makamaka m'chilimwe. Nyumbu zimayenda, pamene mikango ndi afisi amamangika pamalo amodzi chifukwa cha ana awo, motero zilombozi zimakhuta miyezi yochepa n'kuvutika miyezi inayo, ndipo sizingachuluke mokwanira kuti zilamulire khamu lonselo. Kafukufuku wa mu 2003 anasonyezanso kuti kukula kwa thupi kuli ndi mbali yake: nyama zopepuka kuposa makilogalamu 150 zimafa makamaka chifukwa chodyedwa, popeza pafupifupi chilombo chilichonse chimatha kuzigwira, koma zolemera kuposa pamenepo zimalamulidwa kwambiri ndi chakudya, ndipo njovu, mvuu ndi chipembere zikakula sizidyedwa kawirikawiri.

Loweruka, ku Seronera

M'mawa tinapeza mikango itagona pamwamba pa matanthwe a pakati pa chidikha. Mu 1994 mikango pafupifupi 1,000, gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango yonse ya kuno, inafa ndi matenda a agalu otchedwa canine distemper. Matendawa anabwerapo nthawi zina osapha mikango yambiri, koma chaka chimenecho anafika pambuyo pa chilala cha 1993, pamene njati zofooka zinali zitadzaza nkhupakupa. Mikango inadya njati zosavuta kugwirazo, nkhupakupa zinaipatsira tizilombo ta m'magazi totchedwa Babesia, ndipo thupi lofooketsedwa kale ndi kachilombo ka agalu linalephera kulimbana ndi matenda awiri nthawi imodzi. Kuyambira pamenepo agalu a m'midzi yozungulira nkhalango akhala akubayidwa katemera wa matendawa ndi wa chiwewe.

Gawo lalikulu la tsiku linathera pa kamtengo kaminga kosapitirira msinkhu wa munthu, komera pa dothi lakuda la makande. Patsinde pa minga yake ina pali timipira takuda totupa, tokhala ndi kabowo kakang'ono, ndipo mphepo ikamawomba timabowoto timalira ngati mluzu. Otiperekeza anagogoda nthambi ndi kamtengo, ndipo nthawi yomweyo nyerere zinatuluka m'timipiramo zitaimika mimba m'mwamba n'kuthamangira pomwe panagogodedwapo. Mtengowu, womwe akatswiri amautcha Vachellia drepanolobium, umapatsa nyerere za mtundu wa Crematogaster nyumba ndiponso timadzi totsekemera totuluka patsinde la tsamba, ndipo nyerere zimaluma chilichonse chofuna kuudya. Nyamalikiti imadya kanthawi kochepa n'kuchoka, koma njovu ndiyo imadana nazo kwambiri, chifukwa m'kati mwa chitamba chake ndi mofewa.

Ubale umenewu si wachikondi, ndipo umasungidwa ndi mantha. Ku Mpala, m'dera la Laikipia ku Kenya, ofufuza anatchinga mitengoyi kuti nyama zikuluzikulu zisaifike. Patapita zaka pafupifupi 10 mitengoyo inali itachepetsa timadzi ndi timipira, popeza inalibenso chifukwa cholipirira alonda, nyerere zoteteza zinafooka, ndipo malo awo anatengedwa ndi nyerere za mtundu wina zimene zimakhala m'mabowo obooledwa ndi mphutsi za zikumbu m'thunthu. Mitengo yokhala ndi nyerere zoterozo inkakula pang'onopang'ono ndipo inkafa kawiri kuposa inzake. Munthu akanaganiza kuti kuchotsa njovu ndi nyamalikiti kuthandiza mtengo, koma kunaupweteka.

Ku Ol Pejeta, m'dera lomwelo, kunachitika zina zimene zinafalitsidwa mu 2024. Nyerere zachilendo za mitu ikuluikulu, zotchedwa Pheidole megacephala, zinalowa n'kupha nyerere zoteteza zija, koma zokha siziteteza mtengo. Njovu zinayamba kuthyola mitengo mofulumira kuwirikiza kasanu kapena kuposa, tchire linayera, ndipo mikango inasowa pobisala pozemberera mbidzi. Pakati pa 2003 ndi 2020, mbidzi zinatsika kuchoka pa 67 kufika pa 42 mwa nyama 100 zilizonse zophedwa ndi mikango, pamene njati, zomwe poyamba sizinkaphedwa n'komwe, zinafika pa 42. Mikango siinachepe, koma tsopano ikudalira nyama yoopsa imene imafuna mikango yambiri kuti igwe.

Lamlungu, ku Retima ndi pa njira yobwerera

Dziwe la Retima, kumpoto kwa Seronera, munthu amalimva ndi mphuno asanalione. Mvuu zambirimbiri zinali zitapanikizana m'madzi obiriwira ochita thovu, zikumwaza ndowe ndi michira. Mvuu imadya udzu kumtunda usiku, makilogalamu pafupifupi 40, n'kukanyera m'madzi masana, ndipo mwa njira imeneyi imasamutsa chonde cha kumtunda kupita mumtsinje, kumene ndere, tizilombo ndi nsomba zimapindula nacho. Koma mu mtsinje wa Mara, umene nyumbu zimawoloka kumpoto kwa Serengeti, ofufuza anaona kuti madzi akachepa ndowe zimaunjikana pansi pa maiwe n'kumaliza mpweya wa okosijeni, ndipo mvula ikagwa n'kukokolola matopewo, nsomba za kumunsi zimafa zambirimbiri. Mtsinje womwewo umalandira nyumbu pafupifupi 6,250 zomira chaka chilichonse pa nthawi yowoloka, zolemera matani pafupifupi 1,100. Ng'ona, zimene alendo amakonda kujambula, zimadya gawo laling'ono kwambiri, pafupifupi 2 mwa 100, ndipo mafupa amatenga zaka pafupifupi 7 kuti awole, akumadyetsa mtsinje pang'onopang'ono.

Pobwerera tinaona miimba ikutsika kuchokera mbali zonse, ndipo titaitsatira tinapeza mbidzi yakufa yopanda chilonda cha chilombo chilichonse. Miimba ya makosi aatali osamera nthenga zambiri, ya misana yoyera ndi ina ya mawangamawanga yotchedwa Rüppell's, inali ikukankhana ndi kulowetsa mitu m'mimba mwa nyamayo mpaka m'mapewa. Muimba umodzi waukulu wa mutu wofiira wamakwinya unafika mochedwa, inzake inapatuka, ndipo unayamba kung'amba chikopa ndi mitsempha zimene milomo ya inayo singathe. Ing'onoing'ono ya milomo yopyapyala inkayendayenda m'mbali n'kumatola zinyenyeswa. Mbalamezi zimauluka motalikirana zikuyang'anana, ndipo imodzi ikatsika inzake ya kutali imaona n'kutsatira, n'chifukwa chake zimasonkhana mofulumira chonchi. Za mtundu wa Rüppell's zimaikira mazira m'maphompho a mapiri a Gol, kum'mawa kwa chidikha, ndipo zimauluka makilomita ambirimbiri tsiku lililonse kutsatira nyumbu. David Houston, amene anazifufuza kuno m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti nyama zambiri zimafa ndi njala ndi matenda osati mano a zilombo, ndipo miimba imadya nyama yochuluka kuposa imene mikango ndi afisi amadya.

Zimene zimachitika miimba ikatha zinaoneka ku India. M'zaka za m'ma 1990 mankhwala a ziweto otchedwa diclofenac, amene amawononga impso za muimba wodya ng'ombe yomwe inalandira mankhwalawo, anapha miimba yoposa 95 mwa 100 iliyonse ya mitundu itatu, ndipo analetsedwa pa ziweto mu 2006. Mitembo ya ng'ombe inayamba kuwolera poyera, agalu osowa mwini anachuluka pamodzi ndi chiwewe, madzi anaipitsidwa, ndipo kafukufuku wa mu 2024 anayerekeza kuti anthu pafupifupi 500,000 anafa pakati pa 2000 ndi 2005 chifukwa cha zimenezi. Mu Africa vuto lalikulu ndi poizoni. Woweta ng'ombe akathira mankhwala pa nyama yakufa pofuna kubwezera mkango kapena fisi, miimba ndiyo imafika poyamba, ndipo opha njovu mozemba amaipha mwadala kuti isaulule pamene pali mtembo. Ku Botswana, mu June 2019, miimba 537 inafa pa mitembo itatu ya njovu. Mitundu ingapo ya miimba ya mu Africa, kuphatikizapo ya misana yoyera ndi ya Rüppell's imene taiona lero, inaikidwa mu 2015 pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Muimba umaikira dzira limodzi lokha pachaka ndipo umayamba kuswa utatha zaka zingapo, motero mtembo umodzi wothiridwa poizoni umatha kufafaniza ana amene gulu lonse likanalera m'zaka zambiri. Mawa m'mamawa tidzadutsanso pachipata cha Naabi Hill kubwerera ku Arusha.